Magazi pa miyala ya m'bafa

Kwathu ku Chiuta, mwana wamwamuna akayamba kukodza magazi palibe amene ankadabwa. Anzake ankamuseka tsiku limodzi, akuluakulu n'kumangoti likodzo lamupeza, wayamba kulowa m'madzi ngati mwamuna. Aliyense wovuula miono, wodula bango kapena wolima mpunga kudambo anadwalapo likodzo. Linkabwera, linkapita, n'kubweranso. Ndayambira pamenepa chifukwa munthu wosadziwa zimenezi sangamvetse mmene banja lathu linakhalira chete miyezi inayi magazi ali poonekera.

Ababa anali msodzi. Anali ndi bwato limodzi ndi miono yambiri, ndipo amayi ankayanika matemba ndi kuwamba milamba imene iwo ankabwera nayo. Ine ndinali woyamba kubadwa, ndipo pakhomo ponse wowerenga zilembo za kusukulu ndinali ndekha. Ababa ankawerenga Chiarabu cha kumadrasa basi, amayi sankawerenga konse. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Mlendo akandilonjera ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi. Ndinali ndi kope lina losakhala la sukulu limene ndinkabisa pansi pa mabuku, ndipo zimene pakamwa pankakana ndinkalemba mmenemo ndi pensulo: za mvula, zimene tadya, amene wandikhumudwitsa.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ababa anadwala matenda amene poyamba tonse tinati ndi likodzo. Anamwa mankhwala ake kawiri osaona kusintha. Anawonda, ankabuula pokodza, mpaka tsiku lina mkodzo unakaniratu kutuluka. A kuchipatala cha pafupi anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo kumeneko anapeza chotupa m'chikhodzodzo. Anati ndi khansa, mawu amene ndinawamva koyamba chaka chimenecho. Anawang'amba pamimba, n'kudula mbali ya chikhodzodzo imene panali chotupacho, yotsalayo n'kusoka. Amayi anawadikirira masabata angapo, kenako anabwerera chifukwa mpunga unali utacha ndipo mbalame zinali kuumaliza. Sukulu inali yotseka, ndiye ananditumiza ine pamodzi ndi mayi wina wogulitsa nsomba ku Limbe kuti ndikawatenge, poti ndinkatha kuwerenga zolembedwa pasiteshoni.

Tsiku lotuluka anatiitanira m'kachipinda. Munali bambo wina wa jekete loyera amene ankathandiza dokotala wamkulu ndi kumasulira mawu ake. Odwala ankangowatcha adokotala aang'ono. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, wokonda kugogoda tebulo ndi cholembera.

"Tsopano tikambirane za mkodzo wanu, bambo," anatero.

Ababa anakweza dzanja. "Amwali, tatulukani kaye."

Amwali ndi mmene ankandiitanira chivinidwireni changa chilimwe chapitacho. Anankungwi anali atandiuza momveka kuti mtsikana wotha msinkhu salowa kuchipinda kwa bambo ake, sakhudza mphasa yawo, ndipo chilichonse cha m'munsi mwa lamba wawo sachiona, sachimva, sachitchula. Ndinatuluka mwamsanga. Koma pakhonde malo okhala anali benchi limodzi, ndipo benchilo linali pansi pa windo lotsegula. Ndinamva zonse.

"Tachotsa chimene tinachiona," anatero adokotalawo. "Koma matenda awa ali ngati nansongole. Mumalima pamwamba pakuyera, pansi mizu ili phee. Miyezi itatu iliyonse muzibwera, tizilowetsa kachipangizo kanyali kaja tiziunika m'katimo. Chikaphukanso tikufuna tichipeze chidakali chaching'ono."

"Ndamva."

"Chachiwiri ndi ichi. Mukaona magazi, ngakhale kamodzi kokha, musadikire tsiku la pakhadi. Kwerani sitima. Ndipo musanene kuti ndi likodzo. Anthu a kunyanja inu ngakhale mutu ukupweteka mumati likodzo."

Ababa anaseka, kuseka koyamba chiwapangireni opaleshoni.

"Sindikuseka ayi. Magazi a likodzo amadontha kumapeto. Awa amafiiritsa mkodzo wonse kuyambira poyamba, nthawi zina ndi timibulu. Mukusiyanitsa?"

"Ndikusiyanitsa."

Kenako anandiitana. Anandipatsa khadi lachikasu lokhala ndi mizere, pamzere uliwonse tsiku lobwera. "Mwana wasukulu, sunga ili. Ntchito yako ndi kuwakumbutsa masiku." Ndinalandira ndi manja awiri. Za masiku anandiuza. Za magazi sanandiuze, ndipo palibe amene ankadziwa kuti ndazimva.

Ababa anachira bwino ndithu. Chikhodzodzo chinali chitachepa, ndiye ankakodza pafupipafupi, ndipo pa tsiku ankatawaza kambirimbiri kuti akhale oyera pa swala, mapemphero athu achisilamu. Birika lawo la madzi silinkapuma. Koma thupi linabwerera, masaya anadzaza, ndipo patapita miyezi iwiri anakankhanso bwato. Tsiku loyamba la pakhadi anapita okha. Anabwera akuyenda motang'aza, osafuna kulankhula, koma anati m'katimo ndi moyera. Ndinawamva akuuza amayi m'Chiyao kuti kachipangizoko kamapweteka, ndipo kuti chopweteka kwambiri n'chakuti pamakhala anamwino aakazi a msinkhu wa ana awo. Tsiku lachiwiri anapitanso. Moyeranso. Amayi anaphika mpunga wa sadaka, anthu anabwera kudzathokoza Mulungu, ndipo m'mudzi monse munamveka kuti ababa achira.

Pa sadaka pomwepo mnzawo wina wa kudooko anawaseka. "Achimwene, kukwera sitima mpaka ku Kabula kukangouzidwa kuti muli bwino? Mukanabwera kwa ine, ndikanakuuzani pompano, osakuvulani n'komwe."

Amuna onse anaseka, ababa nawonso. Ine ndinali kutola mbale, ndipo ndinaona kuti mawuwo awalowa.

Tsiku lachitatu la pakhadi linagwa mvula itayamba, matemba atachuluka m'mabango. Ndinagwada pakhomo iwo akusoka ukonde.

"Ababa, tsiku la pakhadi ndi Lachiwiri likubwerali."

"Ndamva, amwali."

Lolemba ndinagwadanso.

"Nsomba zikachepa tipita," anatero osayang'ana. "Munthu wabwinobwino samathamangira chipatala."

Nditafuna kukumbutsa kachitatu amayi anandikoka chitenje. "Wanena kawiri, akumva. Usawasandutse mwana."

Bafa yathu inali ya udzu, kuseri kwa nyumba, pansi pake tinayala miyala yaphanthiphanthi kuti tisamaponde matope. Mmenemo tinkasambamo tonse, ndipo ababa ankakodzamo m'mawa chifukwa chimbudzi chinali kutali, kumapeto kwa munda. Iwo ankayamba, asanapite ku swala ya m'mawa. Ine ndinkalowa kutayera, pokonzekera sukulu.

M'mawa wina, chimanga chisanafike m'mawondo, ndinaika ndowa pansi n'kuona kuti madzi otsalira pakati pa miyala ndi ofiirira. Pamphepete pa mwala waukulu panali kambulu kakuda konga kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku.

Choyamba chimene chinandigwira sichinali mantha a ababa. Anali manyazi. Anankungwi ankati mtsikana wosiya magazi ake poonekera amachititsa manyazi mayi ake ndi mtundu wonse. Ndinaganiza kuti wina akalowa adzati ndi anga. Ndinathira theka la ndowa, ndinakhula mwalawo ndi chitsononkho, ndinasamba ndi madzi otsalawo. Ndili panjira ya kusukulu m'pamene ndinawerenga masiku anga n'kuzindikira kuti sangakhale anga. Amayi anali kuyamwitsa. Azing'ono anga anali ana, ankakodza kuthengo.

Madzulo ndinalemba m'kope: "Lero pa miyala panali zofiira. Si zanga."

Mawa lake panalibe kanthu. Mkuja wake panalibenso. Ndinayamba kudziuza kuti mwina wina anatsukirapo mpeni wotumbulira nsomba. Patapita masiku asanu zinabweranso. Kuyambira pamenepo ndinkalowa m'bafa maso ali pansi, ndinkatsuka, ndipo madzulo ndinkalemba. Kopelo ndili nalobe. Mizere yake ndi yaifupi. "Zofiira pang'ono." "Palibe." "Palibe, Mulungu atamandike." "Timibulu titatu." "Ababa adya bwino." "Zofiira kwambiri, ndathira ndowa yonse, ndapita kusukulu osasamba."

Patapita masabata atatu ndinalimba mtima kwa amayi. Tinali kutembenuza matemba pathandala, tili awiriwiri.

"Amayi, m'bafa mumakhala magazi."

Manja awo anaima. "Ako?"

"Iyayi."

Anapitiriza kutembenuza nsomba. "Nanga iwe umakayang'ana chiyani pansi? Samba uzituluka."

"Ndi a ababa."

"Khala chete, mawu amenewo si a pakamwa pako." Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anatsitsa mawu. "Abwerera m'madzi, ndiye likodzo lawagwiranso. Ndani ku Chiuta kuno amene alibe? Paja anawaunika kawiri, anati ndi moyera."

"Koma adokotala anati..."

"Anati chiyani? Anakuuza iwe?"

Pamenepo ndinameza mawu. Kuti ndipitirize ndinayenera kuvomera kuti ndinamvetsera zimene ababa ananditulutsira, kuti ndikudziwa kusiyana kwa magazi odontha kumapeto ndi ofiiritsa mkodzo wonse wa bambo anga. Amayi sanali munthu wouma mtima. Tsiku lomwelo anapita kukakumba mizu ya likodzo, anaiwiritsa, ndipo ababa ankamwa m'mawa uliwonse popanda wina kutchula chimene akumwera. Ndikaganiza lero ndimaona kuti amayi ankaopa, ndipo likodzo linali dzina lokhalo limene akanatha kuligwira osanjenjemera.

Ndinaganiza zolemba kalata, koma ababa sakanaiwerenga, ndipo kukapempha wina kuti awawerengere kukanakhala kuwavula pagulu. Tsiku lina ndinaika khadi lachikasu lija pamphasa, pambali pa mbale yawo. Analinyamula, analitembenuza, n'kundibwezera.

"Sungani bwino ili, amwali. Lingade ndi msuzi."

Mvula inapitirira. Chimanga chinamasula, chinabereka. Tsiku lachinayi la pakhadi linafika n'kudutsa, ndipo ulendo uno sindinagwade n'komwe pakhomo. Ababa anaboola bowo lina pa lamba. Anayamba kubwera msanga kunyanja, n'kumakhala pakhonde dzanja lili pachinena. Anzawo ankati ndi malungo a dzinja. Kusukulu ndinkayang'ana bolodi osaona kanthu, ndipo aphunzitsi anandifunsa kawiri ngati kunyumba kuli bwino. Kawiri konse ndinati kuli bwino.

Sukulu itatseka, amayi ananditumiza ku Nsanama ndi dengu la matemba pa lole ya ogula nsomba. Kumeneko kunkakhala azakhali, mlongo wawo wamkulu wa ababa, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Anali mayi wamkulu thupi, wamawu omveka tsidya lina la msewu, ndipo ndiwo analera ababa makolo awo atamwalira. Ine ndinkawaopa kuyambira ndili wamng'ono.

Madzulo a tsiku limenelo, tikusankha nyemba pakhonde, anandiyang'anitsitsa.

"Iwe, wameza chiyani? Chifikireni sunaseke. Pali mnyamata?"

"Iyayi, azakhali."

"Nanga? Mayi ako akumenya?"

Ndinapukusa mutu. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kope, ndinakhala chowafulatira pang'ono n'kuyamba kuwerenga mokweza. Kuwerenga kunali kosavuta kuposa kunena, chifukwa maso anali papepala ndipo mawuwo ankamveka ngati a munthu wina. Ndinawerenga tsamba loyamba, lachiwiri. Nditamaliza lachitatu ndinawauzanso za windo lija, ndi zonse zimene adokotala ananena.

Azakhali anaika lichero pansi. "Zinayamba liti?"

"Chimanga chisanafike m'mawondo."

"Ndipo lero anthu akukolola!" Anamenya ntchafu yawo. "Mwana iwe, pakamwapo anakupatsa kuti uzidyera pokha? Miyezi yonseyi ukulembera kope? Kope lili ndi miyendo yopitira ku Blantyre?"

Ndinalira. Anandisiya ndilire pang'ono, kenako anandikokera pachifuwa pawo ponunkha matemba ndi sopo.

"Basi, basi. Si iwe. Anankungwi amenewo amakuuzani zosalowa kuchipinda, osakuuzani chochita nyumba ikapsa. Mawa tikwera lole yoyamba."

Tinafika masana, ababa ali pakhonde akukonza mono. Azakhali sanadikire mphasa kapena madzi akumwa.

"Mpwanga, ukukodza chiyani?"

Ababa anadzidzimuka. "Alongo, mwafika bwanji? Khalani pansi kaye."

"Ndakufunsa. Ukukodza chiyani?"

"Pali ana apa."

"Anawo ndiwo akutsuka miyala m'mawa uliwonse. Ine ndinakusambitsa uli mbulanda, ndinakuchotsa matekenya, palibe chako chimene ndingachite nacho manyazi. Ndi magazi kapena si magazi?"

"Ndi likodzo, alongo. Ndikumwa mizu."

"Likodzo la mutu wako! Anakuuza chiyani amene anakung'amba uja? Sanakuuze kuti usadzanene likodzo?"

Ababa anasiya mono. Sanayang'ane azakhali. Anayang'ana ine, chifukwa pa khonde lija la kuchipatala panali munthu mmodzi yekha. Sanakalipe, sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, mwana kumsana.

"Nsomba zikachepa," anayamba ababa.

"Nsomba zachepa kale. Wachepa ndiwe. Tayang'ana lambayo."

Tinanyamuka patapita masiku awiri, ababa, azakhali ndi ine. Pasiteshoni ya Nayuchi achinyamata a chipani anatiimika kuti tionetse makadi a chipanicho, ndipo ababa anatulutsa lawo m'thumba la malaya mmene linkakhala tsiku lililonse. Musitima anakhala pafupi ndi khomo kuti asamavutike popita kukakodza. Ndinawerenga maulendo asanu ndi anayi tisanafike pa Nkaya, pamene tinatsika kudikira sitima ya ku Blantyre. Sanandilankhule njira yonse.

Kuchipatala tinapeza adokotala aang'ono omwe aja. Anayang'ana khadi, anaika cholembera pa mizere iwiri yopanda chidindo, n'kupuma mozama.

"Bambo, tinapangana chiyani?"

"Ndinatanganidwa."

"Magazi alipo?"

Ababa anakweza dzanja ngati kale. "Amwali..."

Ndinayamba kuimirira, koma azakhali anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundikhazika pansi. "Akhala pompano," anatero.

"Alipo," anayankha ababa, maso ali pakhoma.

"Anayamba liti?"

"Masabata awiri. Kapena atatu."

Adokotala anagwira cholembera kuti alembe. Azakhali anandigunyuza ndi chigongono. Ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndiye kuti ndanena pamaso pa mlendo kuti bambo anga anama. Ndinkadziwanso kuti munthu uyu alemba masabata awiri, ndipo dokotala wamkulu akaganiza potengera masabata awiriwo. Potulutsa kope lija m'chikwama, linagwa pansi. Ndinalitola.

"Miyezi inayi ndi sabata imodzi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo adokotala anapendeketsa mutu kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Ndione kopelo."

Anatsegula masamba limodzilimodzi, akugogoda tebulo. Anandifunsa kuti timibulu tinayamba tsamba liti, ndinawalozera. Anafunsa ngati panali zoyera zonga mamina, ndinati kawiri, ndinawalozeranso. Analemba zambiri papepala lawo. Sanakalipire aliyense. Pobweza kope anangoti, "Walemba mosamala." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa kwa azakhali. Ababa anakhala chiweramire, akupotokola chipewa chawo.

Anawagoneka m'wodi. Tsiku lachitatu anawaunika, ndipo tsiku lotsatira dokotala wamkulu anabwera yekha, adokotala aang'ono akumasulira. Ulendo uno palibe amene ananditulutsa. Anati chotupa chaphukanso pa msoko pomwe anadula paja. Chakula, chaboola khoma la chikhodzodzo, chagwira matumbo ndi fupa la m'chiuno. Anati kung'ambanso sikungathandize, kungangofupikitsa masiku. Anapereka mapiritsi a ululu, ndi kalata yopita kuchipatala cha kwathu kuti mkodzo ukadzatsekeka ndi mibulu azidzawaika kapaipi.

Azakhali anafunsa kuti, "Ndiye tizipita?"

"Muzipita, mayi. Akakhale pakati pa abale."

Ababa anati, "Alhamdulillahi," monga ankanenera pa chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe.

Azakhali akumanga katundu, ndinatuluka. Ndinapeza adokotala aang'ono pakhonde akusamba m'manja pampopi. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Mwina nditalankhula kamodzi m'kachipinda muja, kachiwiri sikanalinso kovuta kwambiri.

"Adokotala, tikanabwera tsiku loyamba lija?"

Anapukuta manja pa jekete. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akusankha mawu.

"Mukanabwera tsiku loyamba, mwina tikanachotsa chikhodzodzo chonse, mkodzo n'kuupezera njira ina. Ena tikatero amakhala zaka. Ena chimabwerabe, ngakhale afike tsiku lake lenileni osaphonya. Matenda awa ndawaona akubwerera mwa anthu omvera ndi osamvera omwe." Anaima pang'ono. "Sindingakuuze kuti akanachira. Sindingakuuzenso kuti sizikanasintha kanthu. Ndikakuuza chimodzi mwa ziwirizi ndakunamiza."

Ndinathokoza, sindikudziwa chifukwa chake, n'kubwerera m'wodi.

Pobwerera tinatsikanso pa Nkaya. Sitima ya ku Nayuchi inachedwa, dzuwa linali pamutu, ndipo azakhali anapita kukafuna tiyi ndi nthochi. Ababa anakhala pamthunzi, atatsamira katundu. Ine ndinakhala pansi chapatali monga mwa nthawi zonse.

"Amwali, sunthirani kuno."

Ndinasunthira pang'ono.

"Kuno."

Ndinakhala pambali pawo. Kwa nthawi ndithu tinangoyang'ana njanji ziwiri pamene zimapatukana, ndi mbuzi zimene zinkadya makoko a nthochi.

"Munaona tsiku liti?" anafunsa.

"Lachinayi, sabata imene mphepo inagwetsa thandala."

Anagwedeza mutu. "Ine ndinaona Lolemba la sabata imeneyo."

Ndinawayang'ana kumaso, chinthu chimene sindinkachita.

"Ndinadziwa pomwepo kuti si likodzo," anatero. "Likodzo ndakula nalo. Ndinkathira madzi a m'birika, ndikuyesa ndachotsa zonse. Kunkakhala kusanayere bwino, maso osaona." Anapuma, dzanja lili pachinena. "Sindinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kukubwera wina ndi ndowa."

"Bwanji simunanene, ababa?"

Funsolo linatuluka lokha, ndipo ndinachita mantha nditalimva. Koma iwo anayankha ngati akuyankha munthu wamkulu.

"Ndinkaopa mpeni. Woyamba uja ndinadzuka ndikuganiza kuti ndafa kale. Ndinati ndione kaye nyengo ya matemba ithe, kenako ndinati mpunga uche. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndiuza mayi anu." Anakhosomola. "Inu munalemba, munauza mayi anu, munandiikira khadi pambale, munakatenga chimphepo chija, azakhali anu, ku Nsanama. Ine ndinangothira madzi. Mukadzakula musadzasenze katundu amene si wanu."

Ndinafuna kuwauza kuti masabata atatu oyamba sindinauze aliyense, kuti ndikanatha kupita ku Nsanama mvula isanathe, kuti pathandala paja ndinameza mawu chifukwa cha manyazi anga, osati awo. Sindinanene. Azakhali anali akubwera ndi makapu awiri a tiyi, akukalipira wogulitsa kuti wachepetsa shuga.

Sitima itafika ababa analephera kukweza mwendo pa chitsulo chokwerera. Azakhali anali kale m'kati ndi katundu. Ababa anatambasula dzanja kwa ine, ndipo ndinawagwira m'khwapa n'kuwakankhira m'mwamba. Anali opepuka ngati mtolo wa bango louma.

Anakhala miyezi isanu. Kawiri tinawanyamula panjinga kukawaika kapaipi. Anamwalira masana a Lachisanu, mvula yatsopano isanagwe, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mawu a pa Nkaya ndawabwereza mumtima zaka zonsezi, ndipo masiku ena amandikwanira. Masiku ena ndimawerengabe masabata aja, kuyambira Lachinayi lija mpaka tsiku limene ndinakwera lole, ndipo sindidziwa kuti ndi sabata iti imene chotupacho chinaboola khoma.